Tsiku Limene a Sisitala Sanakalipe

"Lemba za mpopi," anatero achimwene ake a Mzime, amene anali makaniko, akupukutira zala pa ovololo. "A khonsolo anawaika amayi mu komiti poganiza kuti azingogwedeza mutu. Walira mvula walira matope. Anakakhala pakhomo pa ofesi masiku atatu, mpando atanyamula wawo, mpaka madzi anafika."

Mzime analemba. Khonsolo yomweyo tsopano inkafuna kulemekeza amayi awo, a Sisitala, amene anagwira unamwino zaka makumi atatu, ndipo inapempha ana awo kuti alembe tsamba limodzi la zomwe akukumbukira. Tsamba limodzi, munthu wake ameneyu! Koma khutu la Mzime linali kuchipinda. Mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anali atatentha thupi masiku awiri, ndipo a Sisitala anali atangolowa kukamuona.

"Nkhope imeneyo bwanji, ngati wataya chikwama? Ndi chimfine chabe," anatero makaniko. "Lembanso kuti ankakalipa. Nditathyoka mwendo anandimanga bandeji uku akunditchula mbuzi. Ku wodi odwala ankadziwa. A Sisitala akakukalipira, longedza, mawa ukutuluka. Koma akakuyankhula mokoma, n'kukukonzera pilo..."

"Itanani abale," Mzime anamalizitsa. Nthabwala imeneyi anakula nayo.

Kuseka kunamuthera panjira. Masiku onse amayi akalowa kwa wodwala, khoma silinkabisa kanthu. Zenera latsekedwa chifukwa chiyani, wamufunditsa mabulangete awiri ndani, mwanayu mukumuphika kapena? Koma lero kuchipindako kunali zii.

Anasiya cholembera n'kukasuzumira pakhomo. A Sisitala anali atakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lili kunkhongo kwa mwanayo.

"Tayesa kugunditsa chibwano pachifuwa, mayi wanga," ankatero, ndi mawu ofewa omwe Mzime anali asanawamvepo chibadwire. "Pang'onopang'ono. Pakupweteka? Basi, usavutike, wachita bwino."

Mwanayo analephera. Khosi linali gwa ngati thabwa, ndipo maso ankathawa kuwala kwa pazenera. A Sisitala anakoka katani, kenako anamukonzera pilo.

Mzime anakumbukira nthabwala ija. Mantha anamugwira, mantha enieni.

"Amayi, n'chiyani?"

"Uwauze achimwene ako alize galimoto," anayankha mofatsa. "Tenga kabuku kake ka kuchipatala. Nsapato zisiye."

"Ndimayesa chimfine, amayi. Ndinamupatsa mankhwala otsitsa kutentha, ndinati tione mawa..."

Anaima kudikira kuti amulalatire, amutchule chitsiru, amufunse ngati anabadwadi kwa namwino. Akanalandira ndi manja awiri.

"Aliyense akanaganiza choncho, mwanangu," anatero a Sisitala. Mawu amenewa ndi omwe anamuliza.

M'galimoto nthabwala za makaniko zinauma. Ankangoliza hutala, thukuta lili chuchuchu m'khosi. Kumbuyo, mwana anagona pamiyendo pa agogo ake, iwo atagwira kamkono kake ndi zala ziwiri, maso pa wotchi, milomo ikuwerenga chamumtima. Galimoto ikagwa m'dzenje mwanayo ankabuula, ndipo agogo ankamupepesa ngati dzenjelo analikumba ndi iwo.

Atafika pageti la chipatala, Mzime anawagwira malaya.

"Amayi, chonde, mukalipireni. Ngakhale kamodzi kokha."

A Sisitala anamuyang'ana. Maso awo anali ofiira, ndipo Mzime anazindikira kuti nawonso akuopa.

"Sindinanamizepo wodwala," anatero. "Sindiyambira pa mdzukulu wanga."

Makaniko anatsegula chitseko kuti anyamule mwana, koma a Sisitala anamukaniza. Anamunyamula okha, ngakhale msana wawo unali wovuta, n'kudutsa mzere wonse wa odwala osapempha munthu, Mzime akuthamanga pambuyo ndi kabuku m'manja.