Dzulo Unadya Chiyani?

Nditasiya sukulu Fomu 2, ndinkalota ntchito yoperekera zakudya ku hotela, nditavala jekete yoyera. Koma Chingerezi changa chinkathera papepala. Choncho masana aliwonse ndinkapita kwa a Laurenti ku Ndirande, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankatiphunzitsa kulankhula pakhonde pawo. Tinalipo asanu ndi mmodzi, koma maso anga ankangoona Margret.

A Laurenti anali ndi timakadi todula pa katoni ya sopo, tolembedwa mafunso a zakudya. Wina ankatola kamodzi n'kufunsa mnzake. Tonse tinkanama. Pakhonde paja aliyense ankadya soseji, batala ndi nkhuku tsiku ndi tsiku, a Laurenti n'kumangokonza katchulidwe.

Lachiwiri lina ndinatola kofunsa zimene munthu anadya dzulo. Ndinafunsa Margret.

"Chicken and rice," anayankha.

Zinandikwana. Miyezi iwiri ndikumuyang'ana, osadziwa choona chilichonse cha iye!

"Iwe Margret, nkhuku yakoyi siitha? Tandiuza zoona kamodzi kokha."

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anayankha pang'onopang'ono, m'Chingerezi chosalala, kuti sanadye kanthu, chifukwa anyamata a chipani anathamangitsa mayi ake pamsika posowa khadi la chipanicho, n'kuwatayira mandasi onse m'ngalande.

Kalisto, mnzathu wa kumapeto kwa benchi, anayang'ana pansi.

Mawa lake, tili pakati pa phunziro, anafika anyamata anayi a chipani, Kalisto ali pambuyo pawo. Wamkulu wawo sanapereke moni. Anawamenya khofi a Laurenti, magalasi n'kugwera pasimenti, iye n'kuwaponda.

"Madala, sukulu yonyoza boma ija ndi ino? Idyani mafunso anuwa."

Wina anawagwira pakhosi, wamkulu uja akuwakankhira timakadi m'kamwa ndi chala. Magazi ndi malovu zinatsikira pa tayi.

"Tsopano wanjala uja ndani? Tamva kuti ndi mtsikana."

Margret anayamba kudzuka. Ndinamutsogolera.

"Ndine, achimwene. Ndinamulembera ndine, iye ankangowerenga."

Kalisto anatembenukira kumbali.

Ndodo yoyamba inandipeza pamlomo. Ndinamva mano akuphwanyika ngati mtedza. Ndili pansi anandiponda m'nthiti mosinthana, akundifunsa ngati ndakhuta, mpaka ndinasiya kuyankha. Timakadi totsala anatitentha pabwalo. Margret sanamukhudze.

A Laurenti sanaphunzitsenso. Za hotela ndinaziiwala ndekha nditadziyang'ana pagalasi: ndani angalembe wopereka zakudya wopanda mano akutsogolo?

Tsiku lachinayi Margret anabwera kwathu ndi kambale kovindikira. Anakhala m'mphepete mwa mphasa osandiyang'ana kumaso, n'kuvundukula. Linali phala lamadzimadzi, lopanda shuga.

"Usadzandifunsenso zoona, wamva?"

Ndinagwedeza mutu. Ndinaloza kambaleko, n'kufunsa movutikira ndi milomo yotupa.

"Chimenechi n'chiyani?"

Anauzira supuni kawiri.

"Chicken and rice," anatero. "Yasama."