Chipinda cha Anyani

M'nyumba ya a Kalaliki munali chipinda chimodzi chokha chosadontha, ndipo m'menemo munkagona anyani. Anthu ankagona kwina, pakati pa zidebe ndi mapoto otchera madontho. Anyaniwo sanali amoyo ayi; akanakhala amoyo bwenzi mwina akuthandizako kukolopa. Anali a pa masitampu: apusi, achanga, magorila a nkhope zamkwiyo, ndi ena ofiira a manja aataliatali, onse atandandalikidwa m'mabuku okhala ndi timatumba tapulasitiki. A Kalaliki anayamba kuwatola akugwira ntchito yotsegula makalata mu ofesi, ndipo atapuma ntchito anyaniwo ndi amene anakhala mabwana awo atsopano.

Akazi awo, Mayi Telala, ankasokera pabalaza, makina awo atawafunditsa pepala lapulasitiki mbali imodzi. Anali atasiya kale kudandaula mwachindunji. Mlendo akafunsa za chitseko chokiyacho, iwo ankangoti mumakhala achibale a bambo, anthu aulemu wawo, osayenera kusokonezedwa. Amuna awo akamawerengera alendo mayina a mayiko amene anyaniwo anachokera, mayiwo ankawonjezera kuti banja lawo ndi loyenda kwambiri, kupatula iwowo amene ulendo wawo wautali unali wa kumsika.

Chimene chinkawawawa mtima kwenikweni anali manja a amuna awowo. Munthu amene sankatha kupachika nsalu ya pawindo osathyola msomali, akalowa m'chipindamo ankasanduka dokotala. Sitampu sankaigwira ndi chala. Ankainyamula ndi kachitsulo kopanira, atagwira mpweya, n'kuiyang'ana pa galasi lokulitsira ngati akufuna kuifunsa ngati yagona bwino. Ambiri mwa masitampuwo anali osamatidwapo, guluu wake akadali kumsana, ndipo mdani wawo wamkulu chinali chinyezi. N'chifukwa chake ngakhale kapu ya tiyi sinkaloledwa kudutsa pakhomopo. Mayi Telala ankati pa zaka zonse za ukwati wawo, palibe tsiku limene munthu anawafunsa ngati iwo chinyezi chimawayanja.

Mvula itafika pachimake, mwana wawo wamkazi anabwera kudzakhala nawo ndi khanda lake, mwamuna wake atapita kutali kuntchito. Anawaika m'chipinda chakumbuyo, chimene khoma lake linali litachita chuku. Sipanatenge nthawi, khandalo linayamba chifuwa. Mayi Telala anapempha chipinda cha anyani, ndipo a Kalaliki anawafotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana wasukulu, kuti khanda limabwera ndi matewera onyowa, mabotolo ndi mpweya wofunda, ndiye kuti zimenezi sizingatheke. Analonjeza kuti aitana mmisiri wa denga mvula ikadula. Mmisiri ameneyu ankamuitana chaka chilichonse, koma pakamwa pokha.

“Musavutike, bambo,” anatero Mayi Telala. “Mdzukulu tingapeze wina. Gorila ndi amene amasowa.”

A Kalaliki anakiya chitseko n'kuika kiyi m'thumba la malaya, pafupi ndi mtima, pamalo pake.

Loweruka lina m'mawa kunacha ndi kadzuwa, ndipo a Kalaliki anaganiza zoti achibale awo apumeko mpweya. Anawatulutsa m'matumba mwawo mmodzimmodzi n'kuwayala patebulo, pashelefu, ndi pa kabedi kamene kankangokhala m'chipindamo kopanda wogonapo. Inali ntchito ya m'mawa wonse, ndipo kuwabwezera inali ya masana onse. Asanayambe n'komwe kubwezerako, kumwamba kunada bii, mvula n'kukhuthuka ngati ikubwezera chipongwe. Msewu unasanduka mtsinje, galimoto zinasiya kudutsa.

Nthawi yomweyo ndi imene chifuwa cha khanda chinasintha mawu. Linkatsokomola mouma ngati kagalu, ndipo likamakoka mpweya pakhosi pankalira kalikhweru. Mayi wake anathamanga pamvulapo kukaitana namwino wa nyumba yoyandikana nayo. Namwinoyo anamvetsera pachifuwa, anayang'ana khoma lachukulo ndi bulangeti lozizira, n'kunena kuti mwanayu akufunika kuchipatala madzi akangophwa mumsewu. Pakadali pano, anati, amuike m'chipinda chofunda chosadontha, atseke chitseko ndi windo, aikemo beseni la madzi owira kuti azipuma nthunzi.

Nthunzi. Mayi Telala anaona nkhope ya amuna awo ikugwa pamene bambowo anaima pakhomo pa anyani, kachitsulo kali m'manja. Mawu achipongwe anali atadzaza kale pakamwa pa mayiwo, okonzedwa bwino kwa zaka zambiri, koma ino sinali nthawi yake. Anali ndi mantha chifukwa cha khandalo, komanso ankaopa chinthu china chimene anali asanachivomerezepo: kuti mwina munthu amene anakwatiwa naye apemphadi nthawi yoti ayambe wasamutsa anyani ake.

Anapemphadi. Anayamba kunena kuti akangowapatsa kanthawi pang'ono, ayambira a pabedi, ndipo anawerama n'kupana pusi mmodzi mosamala. Khanda linakoka mpweya, kalikhweru kaja kanalira motalika, kenako kanaduka pakati. M'nyumba monse munangomveka madontho a m'zidebe mpaka linatsokomolanso.

A Kalaliki anaika kachitsulo kaja pansi. Anatambasula chikhatho chawo, chomwecho chothyola misomali, n'kusesa bedi lonse ngati akusesa nyenyeswa za buledi. Anyani a mayiko onse anauluka n'kugwera pa simenti.

“Mugonekeni apa,” anatero. “Mayi, ketulo ili kuti?”

Mayi Telala, amene ankadziwa kuti amuna awo sanagwirepo ketulo chikwatirane, anangoloza ndi chala. Bambowo ananyamula okha beseni, analiika patebulo pakati penipeni pa magorila, anathiramo madzi owira n'kutseka chitseko. Madzi akazizira ankatuluka kukawiritsa ena, osalola wina kuwalandira. Nthunzi inadzaza chipinda, magalasi a maso a bambowo anachita nkhungu, ndipo masitampu anayamba kupindika misana mmodzimmodzi. Mayi Telala anaona kuti aka kanali koyamba achibalewo kusuntha okha chibwerere m'nyumbamo, koma anawasunga m'kamwa mawuwo. Ena anamatirira patebulo, ena anamatirirana nkhope ndi msana, ndipo angapo anamatirira kunsi kwa silipasi za mwiniwake.

Chakumadzulo mvula inayamba kudula, kalikhweru kaja kanachepa, ndipo khanda linagona pakamwa pali yasa. Namwino anapita kukafuna galimoto, mayi wa mwana n'kupita kukalongedza thumba la kuchipatala. M'chipindamo munatsala anthu awiri okalambawo, atanyowa thukuta. A Kalaliki anakhala pampando wawo osayang'ana patebulo. Mayi Telala anawamvera chisoni, ndipo zinawakwiyitsa kuti akuwamvera chisoni.

Pokonza bulangeti anaona kuti kachidendene ka khandalo kanyamula mlendo. Anali nyani wofiira wa manja aatali uja, amene amuna awo anamusakasaka zaka zambiri, amene ankamuonetsa alendo pomalizira penipeni ngati mkwatibwi. Anali atamatirira bwinobwino pakhungu.

“Onani, bambo,” anatero. “Mdzukulu wanu mwamumata kale sitampu. Kwangotsala kulemba adiresi.”

Anatambasula dzanja kuti aimatule, ndipo monga ankayembekezera, dzanja la amuna awo linawagwira pamkono msangamsanga. Anadikira kumva za kachitsulo, za makona osachedwa kung'ambika, za anthu amene amagwira zinthu ndi zala zamafuta. A Kalaliki sanayang'ane n'komwe kumene kunali kachitsulo kaja.

“Isiyeni,” ananong'ona. “Mumudzutsa mwana.”

Dzanjalo silinachoke pamkono pawo. Linali lofunda, litawauka ndi ketulo, ndipo linawagwira mosamala kwambiri, monga mmene bambowo ankasamalirira anyani aja.