Mkazi wa Chilombo

"Koma musakanene kuti mwamva kwa ine," anatero Telala, akusuzumira kukhomo la kukhitchini ngati munthu wobisa nkhuku yakuba m'chikwama.

Nesi anali atanyamula mipando iwiri yoti akabweze kwa aneba. Anaitsitsa. Panali patapita masiku anayi chiikireni bambo ake m'manda, ndipo odzapepesa anali atayamba kuchepa. Telalayu ndiye anafika pomalizira, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Ntchito yake inali yosokera zovala anthu ochita mafilimu, ndipo ndiye anasoka chovala cha ubweya chimene malemuwo anavala mu filimu yawo yomaliza.

"Bambo anu anajambulidwa masiku awiri okha," Telala anapitiriza motsitsa mawu. "Tsiku lachitatu anakomoka. Chovala chija n'cholemera ngati thumba la simenti, ndiye m'kati mwake mumatentha koopsa. Adairekita, oyang'anira filimuyo, anapeza mwamuna wina wanyonga, wamtali ngati iwo, n'kuyambiranso kujambula."

"Nanga miyezi itatu yonse ija, akadzuka m'mawa ankapita kuti?"

"Ankabwera ndithu. Ankakhala pabenchi pafupi ndi makina anga, n'kumamuonetsa mnzawoyo kayendedwe ka chilombo. Anandilumbiritsa kuti amayi anu asamve. Koma ndamva kuti Loweruka akufuna kukaonera filimuyo, ndiye ndati ayi, bola ndikutsineni khutu."

Atatero anamugwira Nesi paphewa n'kunyamuka, akuyenda mopepukidwa. Anthu ena amadziwadi kutula katundu, amangoyang'ana mutu umene uli pafupi. Nesi anakhala pa umodzi wa mipando ya aneba ija.

Bambo ake anagwira ntchito ya mafilimu moyo wawo wonse popanda nkhope yawo kuonekapo ngakhale kamodzi. Ali mnyamata, mafilimu akadali akuda ndi oyera, iwo ndi amene ankavala chigoba cha labala ndi zikhadabo n'kumavuuka m'dambo kudzaopseza anthu. Anzawo ankangowatchula kuti a Chilombo, ndipo iwo ankayankha mokondwa. Kenako mafilimu anayamba kukhala ndi mitundu, zilombo zinayamba kupangidwa pa kompyuta, a Chilombo n'kutsala akunyamula magetsi ndi zingwe. Mafilimu awo akale aja anaolera m'zitini, m'nyumba ina yosungiramo katundu imene inkadontha. Sinapulumuke ngakhale imodzi.

Ndiyeno chaka chatha, kampani ina yaikulu yopanga mafilimu a ngwazi zouluka m'mwamba, zija zimagwetsa nyumba ndi chibakera chimodzi, inaganiza zolemekeza mafilimu oopsa akale. Inati ipange filimu imodzi yakuda ndi yoyera, ya nkhungu, mphezi ndi chilombo chovalidwa ndi munthu weniweni. Wina anakumbukira kuti kuli mdala wina woidziwa ntchitoyo. Tsiku limene anawaimbira foni, bambo a zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi anavina pabalaza mpaka kugwetsa wailesi.

Nesi anapeza achimwene ake m'galaja akulongedza katundu wa malemu m'makatoni. Iwowa ankagwira ntchito ya mu ofesi kutali, ndipo tayi sankavula ngakhale posanja zinyalala. Chiyambire ku pulayimale, kumene anzawo ankawakuwiza kuti "mwana wa chilombo," sankafuna kumva za ntchito ya bambo awo. Anamvetsera nkhani yonse ali chiweramire.

"Ndiye kuti mpaka kumanda atinamiza," anatero.

"Sankanamiza ife, achimwene. Ankawatchinjiriza amayi."

"Ankadzitchinjiriza okha. Uwauze basi. Kapena ukufuna akalirire munthu wachilendo wovala ubweya, pamaso pa ana odya mbuliwuli?"

"Bwanji osawauza inuyo? Si ndinu aakulu?"

"Ine ndikunyamuka Lachisanu, ukudziwa. Iwe ndiwe nesi, nkhani zoipa unazizolowera."

"Inu mumanyamuka kutatsala tsiku limodzi kuti zinthu zivute," Nesi anatero. "Bambo akugonekedwa m'chipatala munanyamukanso Lachisanu."

Achimwene anamata katoni ndi tepi kawiri pamalo amodzi. "Chabwino," anatero osadzutsa mutu. "Ndiwauza ndine."

Amayi anali pabalaza, pampando wawo, moyang'anizana ndi mpando wopanda munthu. Matikiti awiri amene kampani ija inatumiza anali patebulo, atawapsinja ndi kapu. Analembedwa kuti Loweruka, 2 koloko masana. Anafika bambo ali m'chipatala, ndipo malemuwo anawaonetsa kwa aliyense wa mu wodi, ngakhale amene anali chikomokere.

"Amayi," achimwene anayamba, akukonza tayi, "za filimu ija..."

"Eya, ndimati ndikufunse. Diresi yabuluu ija kapena yakuda? Bambo ako ankati yakuda imandikalambitsa."

"Ndimati mwina musapite. Mtima wanu ukadali..."

"Mtima wanga ndikuudziwa ndine." Amayi anasuntha kapu n'kuwongola matikiti ndi chala, ngakhale sanali okwinyika. "Ukudziwa kuti m'nyumba muno mulibe kanema aliyense wa bambo ako akuyenda? Ngakhale paukwati wako, ankati akaona kamera n'kubisala kumbuyo kwa anthu. Ati kamera ndi ya kuntchito, ndipo kuntchito sapita opanda chigoba. Zithunzi ndili nazo, inde, koma chithunzi sichiyenda. Ndikatseka maso nkhope yawo ndimaiona bwinobwino, koma mmene ankaponyera miyendo ndayamba kuiwala. Sabata imodzi yokha, mwana wanga, ndayamba kale kuiwala. Ndikufuna ndikawaone akuyenda, ngakhale atavala ubweya."

Achimwene anasiya kukonza tayi. Anayang'ana Nesi, Nesi anayang'ana kapu.

"Yabuluu ili bwino, amayi," anatero achimwene pomaliza.

Lachisanu achimwene ananyamuka monga mwa nthawi zonse. Pagalimoto anamuuza mlongo wawo kuti, "Ukandiimbire mukatuluka," maso ali psuu, ndipo Nesi analephera kuwapsera mtima. Nayenso sanachite bwino kuposa iwo. Iye amene anauzapo mabanja ambirimbiri m'khonde la chipatala kuti wodwala wawo watsamira mkono, anayesa kawiri Loweruka m'mawa, kawiri konse n'kuthera pofunsa ngati amayi amwa mankhwala.

Nyumba ya kanema inali itadzaza ndi achinyamata. Ena anavala nsalu zofiira kumsana ngati ngwazi zawo, ena akujambulana ndi mafoni pafupi ndi chithunzi chachikulu cha chilombo. Panalibe ngakhale mmodzi wa msinkhu wa amayi. Anadutsa pakati pawo pang'onopang'ono mu diresi yabuluu ija, chikwama atachikumbatira pamimba, ndipo palibe anawayang'ana kawiri. Atakhala pansi anavala magalasi, n'kuwavula, n'kuwapukuta ndi mpango, n'kuwavalanso.

Magetsi anazima. Pachinsalu panaoneka nkhungu, mitengo youma ndi chinyumba chamiyala pamwamba pa phiri, zonse zakuda ndi zoyera. Ngwazi ya mu filimuyo inalowa m'nkhalango itanyamula nyali. Amayi analibe nayo ntchito. Anatsamira kutsogolo, manja atagwira mpando wa munthu wa patsogolo pawo.

Mphezi inang'anima, ndipo chilombo chinatuluka m'dambo, madzi akuyoyoka m'ubweya wake. Holo yonse inakuwa mosangalala. Chinaponda kamodzi, kawiri, katatu.

Amayi anabwerera m'mbuyo n'kutsamira mpando wawo.

"Uyo si bambo ako," anatero mwakachetechete.

"Amayi..."

"Bambo ako sanapondepo ndi chidendene chotero. Uyo ndi mwana wa munthu wina."

Nesi anawanong'oneza zonse mumdimamo: za masiku awiri, za kukomoka, za benchi pafupi ndi makina a Telala. Anayembekezera kuti amayi alira, kapena amukalipira chifukwa chowabisira. Iwo anangovula magalasi n'kuwapinda.

"Ndinkadziwa kuti chilipo," anatero. "Kale akachokera kojambula ankabwera malaya ali nyowenyowe ndi thukuta, guluu atamatirira kuseri kwa makutu. Ndinkawachotsa ndine ndi mafuta. Ulendo uno masiku awiri okha ndi amene ndinachotsa guluu. Kenako ankabwera ali oyera ngati achokera kutchalitchi. Ndinangodzinamiza kuti mwina masiku ano guluu wake ndi wina."

"Bwanji simunawafunse?"

"Munthu akuvala nsapato m'mawa uliwonse akuimba mluzu, ndimufunse chiyani?"

Wina kumbuyo anawadzudzula kuti akhale chete. Nesi anagwira chikwama cha amayi ake. "Tiyeni tizipita, amayi."

"Tipite kuti? Kunyumba kuli ndani?"

Anakhalabe. Pachinsalu ngwazi ndi chilombo zinkaponyerana mitengo ndi miyala, achinyamata akuomba m'manja, amayi ali phee, magalasi ali pamiyendo, akuyang'ana kumbuyo kwa mutu wa munthu wa patsogolo pawo. Kuwala kwa filimu kunkabwera n'kuchoka pankhope pawo. Nesi anali asanaonepo munthu ali yekhayekha chotero pakati pa anthu mazana atatu. Anafuna kuwagwira dzanja, koma anachita manyazi, poti nayenso anali m'gulu la owabisira. Anadana ndi Telala chifukwa cholankhula, anadana ndi bambo ake chifukwa chosalankhula, ndipo ola lathunthu linadutsa choncho.

Chakumapeto, phokoso linatha. Chilombo chinali chitavulazidwa, ndipo filimu inachionetsa chili patali, chikubwerera chokha kuchinyumba chija mvula ikugwa. Njira inali matope okhaokha. Chinkayenda pang'onopang'ono, msana utapindika, phewa limodzi litatsika. Nesi anaganiza kuti mwamuna wanyonga uja akuyerekeza bwino kutopa.

Pambali pake panamveka kuti tswa. Amayi anali atatambasula magalasi.

Chilombo chinakwera masitepe atatu, chikupumira pa iliyonse. Chitseko cha chinyumbacho chinali chothyoka kale, m'kati muli mdima ndi zinyalala za ndewu. Chinafika pakhomo n'kuima. Kenako chinayang'ana pansi, n'kupukuta mapazi ake aakulu pamwala wa pakhomopo. Lamanzere, lamanja, lamanzerenso. Chitakhutira, chinaweramitsa mutu n'kulowa.

Holo inaphulika ndi phwete. "Chilombo chaulemu!" anakuwa mnyamata wina kutsogolo, anzake n'kusekanso.

Amayi anamugwira Nesi pamkono mwamphamvu mpaka zala kulowa m'mnofu.

"Ndi awo," anatero. "Ndi awo, mwana wanga. Awo ndi bambo ako."

Ankaseka uku misozi ikutsika, osaipukuta. "Palibe anawauza kuti achite zimenezo, ndikulumbira. Nyumba yothyoka chitseko, yopanda mwini, ya mapepala opentedwa, koma iwo ayi ndithu. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, sanandilowetserepo matope m'nyumba. Ankati amene amakolopa ndi munthu."

Nesi analira ngati mwana, chikhatho chili pakamwa. Zonsezo zinatenga mwina masekondi khumi, kachidutswa kotsala pa zimene bambo anajambulidwa masiku awiri aja. Filimu inapitirira, ngwazi inauluka kulowera kumene kunkatuluka dzuwa, ndipo magetsi anayaka.

Achinyamata anatuluka akukankhana, akutsanzira kupukuta mapazi kuja pa kapeti n'kumaseka. Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi mpaka holo inatsala mbee. Foni ya Nesi inayamba kunjenjemera m'thumba. Anali achimwene.

Mayi wina wosesa analowa ndi tsache ndi thumba lakuda, n'kuyamba kutola makapu pakati pa mipando. Atafika pamzere wawo anaima mwaulemu, akudikira kuti adzuke. Amayi anakweza miyendo kuti asese pansi pawo.

"Pepani mayi," anamufunsa, akutsegula chikwama, "imeneyi ikuyambanso nthawi yanji?"

"Hafu pasiti folo."

"Ndi yomweyi, sasintha kanthu?"

"Ndi yomweyi, amayi."

Amayi anatulutsa kachikwama ka ndalama n'kumupatsa Nesi. "Pita ukagule tikiti ina. Imodzi yokha, iwe uzikapuma, watopa. Uwauze mpando womwewu." Anapukutanso magalasi ndi mpango uja, n'kuwavala, n'kuyang'ana chinsalu choyeracho. "Achimwene akowo uwayankhe. Uwauze kuti bambo awo ndawaona, afika bwino."