Lezala la Kapitawo

Dainess anaimva nkhaniyo pamtondo, kwa mkazi mnzake: mwamuna wake, Eustace Daka, akukadulidwa Loweruka. Osatinso kuchipatala ku Nyimba ayi, koma kuseri kwa kampu ya okonza msewu ku Kacholola, ndi lezala la kapitawo.

Kapitawoyo anachokera ku Nyasalande, ngati anthu ambiri amene Chitaganya chinawaponya pamsewuwo, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche. Nthawi yopuma iliyonse ankawakhalira Ansenga: mwamuna wosadulidwa amanyamula litsiro kupita nalo kwa mkazi. Ansenga nawo sankagonja, amati makolo awo anadzaza midzi osadula kanthu. Mkangano unkatha ndi wezulo, mawa n'kuyambiranso.

Mwa Ansengawo, Eustace yekha sankaseka, poti mwezi wathunthu mkazi wake anali atamupatsa msana. Munthu akasowa chifukwa amatola chilichonse, iye anatola cha kapitawo.

Chifukwa chenicheni Dainess ankachidziwa. Akangokhala malo amodzi ndi mwamuna wake, sabata yonse ankamva kuyabwa ndi kutentha pokodza. Namwino ku Nyimba anamunong'oneza kuti bambo azisamba kaye, bwinobwino, mpaka pansi pa khungu. Koma alangizi a ukwati pomupatsa kamphika ka m'nyumba anati madzi ake ndi a pambuyo, mkazi asambitse mwamuna zonse zikatha. Za poyamba palibe anatchulapo. Nanga mkazi amayambira pati kuuza mwamuna kuti sadziwa kusamba? Dainess anasankha kukhala chete, ndipo tsopano manyazi akewo anali pafupi kukhetsa magazi a munthu amene ankamukonda.

Lachisanu masana anamanga chitenje, ulendo wa kumsewu. Anadutsa pakati pa amuna makumi awiri osagwetsa nkhope, nakaima pamaso pa Eustace.

"A Daka, ikani fosholo. Tikambe pambali."

Atafika pansi pa msuku, mwamunayo anayamba ndi ukali wa munthu wamantha. "Mwabwela kunichititsa nsoni? Mailo pa Loweruka nizakonza zonse, muzaleka kunyansidwa na ine."

"Nindani anakuuzani kuti nifuna lezala?" anatero Dainess. "Lezala imene ameta nayo ndevu kampu yonse? Mukafuna kudulidwa, ni thupi lanu, yendani ku chipatala, ine nizakupelekezani. Koma olo mudulidwe lelo, mukabwela na thukuta na fumbi ya mseu, nizadwala chimodzimodzi. Chamene nifuna ni manzi na sopo, poyamba, osati pambuyo chabe. Imwe musambe, na ine nisambe."

Eustace anayang'ana kumbuyo ngati wina wamva. "Chabe?"

"Chabe."

"Nanga alangizi?"

"Alangizi sadwala na ine pamodzi. Nidwala ndine."

Wezulo inalira, koma mwamunayo sanasunthe. Ukali unali utamuthera, maso ali pansi, ndipo Dainess anamumvera chisoni chachikulu.

"Mwezi wonse sinigona," anatero Eustace motsitsa mawu. "Nenze kuganiza kuti mwapeza wina. Wodulidwa."

Apa ndipo Dainess anazindikira kuti nkhani sinali ya kapitawo. Anamugwira dzanja masana dzuwa likuswa mtengo, anthu onse a pamsewu akuona, chinthu chimene mkazi wolangizidwa sachita.

"Wina wa chani?" anatero. "Uyu wamene nili naye nifuna kukalamba naye wamoyo."