Kompyuta ya Mkamwini

Willard atachoka kwawo ku Kalembo kudzakhala chikamwini kwa Dalesi ku Mposa, anabwera ndi bulangete, njinga, ndi kompyuta yakale imene ofesi ina ku Balaka inataya. Kompyutayo sinkayaka. Inakhala pakona miyezi isanu ndi itatu, nkhuku ikuikira mazira kumbuyo kwake.

Amene anaidzutsa ndi Dalesi. Sukulu analekezera Fomu 2, koma anagwirapo ntchito zaka ziwiri m'shopu yokopera nyimbo ku Liwonde, kumene anaphunzira kulamula makina pongolemba mawu pa sikirini yakuda. Anaipukuta fumbi, anasintha kabatire ka m'kati, anaikamo pulogalamu yoyendetsa makina yotchedwa Linux, n'kuilumikiza ku sola ndi ku kabokosi ka wayifayi. Sikirini anaichotsa chifukwa inkadya magetsi. Bokosi la kompyutalo linkangokhala pansi pa tebulo, iye n'kumalilamula kuchokera pa foni yake. Ankalemba ssh, dzina lake, mawu achinsinsi, basi walowa.

Ntchito ya Dalesi inali yojambula: maukwati, zinkhoswe, ubatizo, ziyala, maliro. Mafoni a anthu amadzaza, amagwera m'madzi, amagulitsidwa njala ikafika mu Januwale. Bokosi la Dalesi ndi limene linkasunga zonse. Banja lililonse linali ndi foda yakeyake. Munthu ankangofika pakhonde, kulumikiza foni yake ku wayifayi, n'kutenga zithunzi zake. Pofika chaka chachinayi, mafodawo anali mazana atatu ndi kuposa, onse pa disiki imodzi. Disiki yachiwiri yosungirapo makope ankangoti agula akakolola. Anakolola kanayi.

Mlandu woyamba unabuka chifukwa cha mawu achinsinsi.

"Mkazi wanji wokhala ndi chitseko chimene mwamuna wake sangatsegule?" Willard anafunsa ankhoswe. "Ndikudziwa bwanji ngati mulibe amuna m'menemo?"

Ankhoswe anali awiri: a Kachingwe, malume ake a Dalesi, ndi a Blasius, mkulu wake wa Willard. Onse anagwirizana kuti pabanja sabisirana. Dalesi anamutsegulira Willard dzina lake m'makinamo, lotha kuona zinthu koma osasintha kanthu. Patatha sabata, makina atamukaniza chinachake, Willard anapalasanso njinga kukatenga ankhoswe.

"Amupatsa kiyi wa pabalaza, wa kuchipinda amumana," anatero a Blasius.

Choncho Dalesi anamupatsa sudo. Awa ndi mawu amene ukawalemba kutsogolo kwa lamulo, makina amamvera osafunsa ngati uli ndi nzeru. Poopa ngozi, anamuphunzitsa yekha.

"Bambo a Tasha, makina awa alibe bini yotolamo zimene mwataya. Musanafufute kanthu, lembani pwd muone pamene mwaima. Kenako lembani ls muone zimene zili pamenepo. Mukatero ndiye muganize kawiri."

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Willard akuseka.

Banja linadzatha pa nkhani ina. Ku Kalembo kunapezeka mkazi wina ndi mwana wa miyezi isanu wa mphuno ya Willard. Dalesi sanalire. Anauza amalume ake kuti munthuyu azipita, ndipo tsiku linaikidwa: Loweruka m'mawa. Lachisanu lonse Dalesi anali ku Chikweo kujambula chinkhoswe, ndipo anabwera atatopa, osayang'ana bokosi.

Loweruka m'mawa, ankhoswe asanafike, kunabwera Nafisa, mkazi wamasiye wa kutsidya kwa msewu. Ankafuna chithunzi cha malemu mwamuna wake kuti akachichapitse, popeza foni imene inali ndi zithunzizo inabedwa pamaliro pomwepo.

"Chija anavala mkanjo woyera pa Idi chija, achemwali. Ana akuyamba kuiwala nkhope."

Dalesi analowa m'makina pa foni, napita pamene pamakhala mafoda a anthu, n'kulemba ls. Palibe chimene chinatuluka. Analembanso. Mzere wopanda kanthu. Analemba df -h kuti aone kudzaza kwa disiki. Lachinayi inali itatsala pang'ono kudzaza. Tsopano inali mbee.

Makina amasunga malamulo onse amene munthu walemba. Dalesi anatsegula mndandanda wa Willard n'kuwerenga mizere yomaliza. Panali pwd. Pansi pake panali ls. Pansi pakenso panali sudo rm -rf ndi dzina la malo a mafoda a anthu. Willard anachita ndendende mmene anamuphunzitsira. Anayamba waona pamene waima, anaona zimene zinalipo, kenako anafufuta.

Dalesi analemba sudo poweroff nthawi yomweyo, bokosi n'kukhala chete. Ankadziwa kuti chofufutidwa sichichokeratu pa disiki mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Atabwereka disiki ina ku Liwonde, n'kuyendetsa pulogalamu yotolera zotayika masiku awiri kapena atatu, zambiri zikanabwerera. Zikanabwera zopanda mayina, zosakanikirana, koma nkhope za anthu ake ankazidziwa.

"Dikirani pompano," anauza Nafisa.

Ankhoswe atafika anakhala pa mipando panja. Katundu wa Willard anali atamutulutsa kale: bulangete, zovala m'thumba, njinga. Nkhani ya mkazi wa ku Kalembo sinatenge nthawi, popeza Willard sanakane. Kenako a Blasius analoza kunyumba.

"Chatsala ndi chiwayilesi chija. Anabwera nacho."

"Alamu, chimenecho chidikire masiku atatu," anatero Dalesi. "Mng'ono wanuyu dzulo wafufuta zithunzi za anthu onse. Ndikufuna ndizibweze."

Anawaonetsa foni. A Kachingwe anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, n'kuibweza.

"Ine ndikungoona nyerere. Iwe Dalesi, chaswekapo n'chiyani? Tulutsa tione."

Dalesi ananyamula bokosilo n'kuliika pamphasa. A Kachingwe analigogoda ndi chala.

"Si ili lili bwinobwino ili?"

"Amalume, nkhokwe ikhoza kuima bwinobwino chimanga atatapamo."

"Chimanga timachiona. Izi ndani anaziona zikutuluka? Akamwini, mwatengamo kanthu?"

Willard anatambasula manja. "Ndisecheni. Ine ndimangochotsamo zanga. Ngati dzanja linaphonya, ndi ngozi. Mphunzitsi wake ndi yemweyu."

"Simunaphonye," anatero Dalesi. "Munayang'ana kaye. Zalembedwa apa."

"Chabwino, mayi a Tasha, tisakangane pamaso pa akuluakulu." Mawu a Willard anafewa ngati a munthu wodwazika matenda. "Ngati zingabwerere, ine ndikhale. Sabata imodzi, ziwiri. Bokosi likhale, ine ndikhale, tikonze limodzi. Anthuwa ndi anganso."

Apa ndi pamene Dalesi anamvetsa chimene anafufutira. Willard ku Kalembo analibe munda, analibe nyumba. Kunali mkazi wokhala kwa mayi ake ndi ganyu wa m'minda ya thonje.

"Bokosi likhale, iwo azipita," anatero.

"Iyayi," anayankha a Kachingwe. "Ine ndathetsapo mabanja asanu ndi limodzi. Mwamuna akamachoka pamudzi pano amachoka ndi zake zonse tsiku lomwelo. Ukasunga ngakhale lamba wake, mawa abwera kuti akudzatenga lamba, mkuja agona, mtondo uli ndi pakati, ndiye muzidzandidzutsanso ine. Katundu akagona, mwini wake sanachoke."

"Ndiye ndichotsemo disiki yokha. Ndi kachitsulo kochepa ngati buledi wodula. Lachitatu ndikatumiza."

A Blasius anaseka. "Alamu, munaonapo munthu akubweza mbuzi atachotsamo chiwindi? Inabwera ndi za m'mimba zake, ipita ndi za m'mimba zake."

"Inabwera yakufa! Nkhuku zinkaikira kumbuyo kwake. Ndinaidzutsa ndine."

"Mwachita bwino. Ndiye ipita yamoyo."

"Amalume, kiyi ameneyu munalamula ndinu kuti ndimupatse."

A Kachingwe anayang'ana kumbali. "Zakale zisiye. Panopa sankha. Ngati chinthuchi chikugona pano, akamwiniwa akugonanso pano, ndipo ife tibwerera kuti banja silinathe. Ngati akupita, apite nacho. Dzuwa likukwera, ine ndili ndi mbatata kudimba."

Dalesi anayang'ana kukhonde. Nafisa anali atakhala pomwe anamusiya paja, atakumbatira mawondo, akumva zonse. Anayang'ananso Willard, amene anali atayamba kale kumasula pakamwa pa thumba la zovala.

"Mukafika nalo kumeneko muchita nalo chiyani?" anamufunsa.

Willard anaima. "Ngati mwandithamangitsadi, ndiikamo mafilimu, ndizionetsa pamsika. Ndidya chiyani?"

Onse awiri ankadziwa kuti filimu iliyonse idzagona pamwamba pa nkhope za anthu.

Dalesi anawerama, ananyamula bokosilo yekha, n'kukaliika pa kaliyala wa njinga. Anazula mawaya amene anagula ndi iye, n'kusiya chingwe chimodzi chakale chimene chinabwera nalo.

"Mangani nokha."

"Mayi a Tasha, ganizani bwino. Anthu akakufunsani muwayankha chiyani?"

"Ndiwauza zimene zachitika. Mangani."

Willard anamanga ndi malegeni pang'onopang'ono, akudikira kuti wina alankhule. A Blasius ananyamula thumba, ndipo awiriwo anatsika ndi njira yopita kumsewu wa Liwonde, akukankha njinga. A Kachingwe anaimirira, anasasa fumbi pa buluku.

"Wachita zaumunthu. Zithunzi ujambula zina."

Nafisa anadzuka pakhonde n'kukonza mpango wake.

"Ndiye cha mkanjo woyera chija?"

"Chapita," anatero Dalesi. "Nanenso ndili ndi mlandu. Ndinkayenera kukhala ndi disiki yachiwiri."

"Masiku atatu okha, achemwali. Mukanamupirira masiku atatu okha."

"Sakanakhala atatu."

Nafisa anatembenuka, nawoloka msewu osatsanzika.