Bowo Lachitatu pa Lamba

Dalaivala sankatha mawu awiri osakweza thalauza ndi zigongono. Mayi ake anachiona chizolowezichi pamaliro, anthu akumupepesa. Alendo atabalalika, anamupeza m'kashedi momwe malemu bambo ake ankasokera nsapato, akuvundukula zikopa ndi zidendene zakale.

"Ukufunanji?"

"Ndikungolongosola, amayi."

"Kulongosola n'kumwaza misomali pansi? Ukufuna kachitsulo koboolera malamba."

Iye anakwezanso thalauza. Mchira wa lamba unkalendewera mpaka pathumba.

"Mabowo awiri anakuboolera bambo ako," anatero mayiwo. "Bowo lachitatu anakana. Ndinali pakhomo pomwepa."

"Ndi ntchito, amayi. Basi sidikira munthu kuti adye."

"Nanga magazi amene mkazi wako akuwaona kuchimbudzi, nawonso ndi a basi?"

Dalaivala anayang'ana kukhomo. "Mayi a ana amayankhula zambiri."

"Amayankhula zochepa, amakuopa. Ine sindikuopa, ndinkakusambitsa."

Dalaivala anakhala pakampando ka bambo ake, mawu atatsika. "Khansa ya m'matumbo tikuidziwa m'nyumba muno. Azibambo amene bambo anagona nawo m'wodi aja atsala angati? Wokonza mawotchi sanathe chaka. Aphunzitsi aja, miyezi chabe. Ndikakagona ine, ana awaona ndani? Inuyo?"

"Wamawotchi anafika atamunyamula. Bambo ako anapita ndi miyendo yawo, magazi atangoyamba. Atawachita opaleshoni, adokotala ankati tione ngati zaka zisanu zikwane. Zinakwana, zinapitirira, mpaka anasokera ana ako nsapato za kusukulu. Tawaika ali ndi imvi. Iwe ukufuna ndikuike tsitsi lili bii?"

"Mawa ndili ndi ulendo."

"Madalaivala alipo ambiri. Ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi."

Mwanayo anayambanso kutsegula madilowa, limodzilimodzi, ngati sanamve. Mayiwo anamuyang'ana kumsana, pomwe shati inkangolendewera, kenako analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chikwama chimene malemu ankapita nacho kuchipatala, chija anachisoka chogwirira kangapo konse. Anachiika patebulo logwirira ntchito.

"Tsegula."

Munali thaulo, sopo, kapu, ndi nsapato zoyenda nazo m'wodi, zachikopa, zosavalapo. Zinali zazikulu, pomwe malemu anali ndi timapazi tating'ono. Pansi penipeni panali kachitsulo kaja, atakakulunga m'kansanza.

"Analongedza okha bambo ako. Anati ukadzayamba kukafunafuna, ndisadzakupatse kokha, ndidzakupatse ndi chikwama chomwe."

Dalaivala anavula nsapato imodzi n'kuyesa yatsopanoyo. Inamukwana. Anakatembenuza kachitsuloko m'manja nthawi yaitali, mayi ake osaphethira. Kenako anakakulunganso, n'kukabwezera pansi pa thaulo.

"Kuchipatala amayamba nthawi yanji kuona anthu?"

"Ukudziwa. Unkawaperekeza ndiwe."

Anatseka zipi, n'kunyamula chikwamacho ndi dzanja limodzi, linalo litagwira thalauza.