Galu Pansi pa Tebulo

Enelesi ataona galu akulowa mulesitilanti imene ankagwiramo ntchito ku Annandale, kutsidya la nyanja, anawerama ngati akutola mwala, monga timachitira kwathu. Galuyo sanatekeseke n'komwe.

"Mayi, ameneyu amanditsogolera," anatero a Yotam, bambo osaona amene anali ndi galuyo. "Lamulo la kuno limalola kuti ndilowe naye."

Enelesi anawapatsa malo, koma mtima sunakhale m'malo. Galu pafupi ndi nyama yootcha? Ankangozungulira tebulo lawolo, maso ali pansi, kudikira kuti galuyo abe ndiwo kapena alume mwana wa eni ake.

Galu anangogona phee, mutu pansapato za mbuye wake. Mbale imene inasweka masana amenewo anaigwetsa ndi Enelesi.